Tsiku Limene Ayezi Anasowa Tonse Tikuona

Pantchito pathu pali mawu amodzi amene sitiwatchula mwachisawawa. Mawuwo ndi akuti "kusowa". Chinthu chikhoza kuthyoka, chikhoza kuwola, chikhoza kugwera m'ngalande, palibe amene angakufunse. Koma wina akangonena kuti chasowa, dziwani kuti munthu atsatira. Supuni ya shuga itasowa, mayi wophika tiyi anapita. Tayala lapadera la lole litasowa, dalaivala anapita. Tayalalo linadzaoneka kunyumba kwa a bwana atadzalamo maluwa, koma silinabwerere, dalaivalanso sanabwerere.

Kampani yathu imapanga ayezi. Timathira madzi m'zitini zazitali, makina amawaumitsa, ndiye timatulutsa mabuloko aatali ngati mwendo wa munthu wamkulu. Amagula ndi amayi ogulitsa nsomba, eni mabutchala ndi anthu a zakumwa. Mabulokowo amasungidwa m'chipinda chozizira chokhala ndi chitseko chimodzi chachitsulo, ndipo kiyi wa chitsekocho ndimasunga ine. Ndamusunga zaka zoposa makumi anayi. Amakhala m'khosi mwanga pa chingwe cha nsapato, ndipo pachifuwa panga pali chipsera cha mawonekedwe ake. N'chifukwa chake anthu amanditcha a Chisanu. Dzina langa lenileni ngakhale mkazi wanga amachita kulikumbukira.

Kiyi ameneyu si kachitsulo chabe. Wosunga kiyi amapatsidwa chijasi, jombo, ndi chipinda chogona kuseri kwa fakitale, chimene khoma lake limodzi ndi lomwelo la chipinda cha ayezi. Ine ndi mkazi wanga takalambira pakhoma limenelo. Kunja kukatentha mpaka phula kumata nsapato, ife timangotsamira khoma lathu. Kiyi akachoka m'khosi mwanga, chipinda chipitanso, ndipo kotsala n'kwa mwana wathu wamkazi. Mkamwini wanga anatisonyeza kale pamene tidzagone: kachipinda ka malata kumbuyo, kamene amasungiramo matayala akale. Anatisonyeza akumwetulira.

Bwana wathu timamutcha a Fungo, poti mafuta amene amadzola amafika mu ofesi iwo asanatsike m'galimoto. A Fungo ali ndi mlamu wawo amene anabwera naye pantchito popanda ntchito. Palibe akudziwa udindo wake, choncho tonse timangoti a Mlamu. Tsiku lonse amakhala pa kireti pafupi ndi chitseko changa, kutokosa m'mano, maso ali pakhosi panga. Si khosi langa limene amalisirira.

Tsiku lina a Fungo analamula kuti tisiye ntchito tisonkhane m'shedi yopakiramo malole, kwabwera mlendo wochokera kubungwe lina lophunzitsa za kusintha kwa nyengo. Ine mabungwe sindiwakhulupirira. Amabwera ndi galimoto yoyera, amakujambula, amapita, ndipo nkhope yako sudziwa kumene ikagone. Koma ndinapita, poti wosapita amalembedwa.

Mlendoyo anali mtsikana wamng'ono kwa mwana wanga, wovala magalasi, waulemu ndithu. Anali ndi kamakina koponya zithunzi pakhoma. Anatisonyeza dziko lonse ngati mpira, pamwamba pake pali chinthu choyera ngati chipewa.

"Uku ndi kumpoto kwenikweni, kumapeto kwa dziko," anatero. "Kumeneku nyanja imaundana pamwamba. Zoyerazi ndi ayezi okhaokha."

Ndinaimika dzanja. "Makina ake ndi a kampani iti?"

"Kulibe makina, agogo. Kumazizira kokha."

Bodza loyamba, ndinatero mumtima. Koma ndinatsitsa dzanja.

Anapitiriza kuti ayeziwo amakula nthawi yozizira, amachepa nthawi yotentha, chaka ndi chaka. Koma kuchokera pamene anthu anayamba kuwajambula kuchokera m'mlengalenga, chipewacho chikunka chichepa. Anasintha chithunzi, chipewa chinachepa. Anasinthanso, chinachepanso. Anati kumeneko kukutentha mofulumira kuposa kwina konse, chifukwa ayezi oyera amabweza dzuwa, koma madzi akuda otsala amalimeza, ndiye kutentha kumaitana kutentha kunzake. Anatisonyezanso chimbalangondo choyera chitaima pa kachidutswa kakang'ono pakati pa madzi, chikuyang'ana wojambula ngati mmene a Mlamu amayang'anira khosi langa.

Fani wa m'shedi anali kulira ngati njinga yamoto, ndipo a Kalaliki, amene amalemba zonse zochitika pakampani, khutu lawo limodzi linafa kalekale. Anaimika cholembera.

"Pepani mayi, mwati ayeziwo akutani?"

"Akusungunuka, bambo."

"Akutani?"

"Akusungunuka. Amene analipo kale, ambiri palibenso."

"Ohoo," a Kalaliki anatero, akuweramira pepala. "Ndiye kuti akusowa."

Mtsikanayo anamwetulira, osadziwa kuti waponda pati. "Eee, tikhoza kutero. Akusowa."

M'shedi monse munati zii. Ngakhale fani anakhala ngati wameza mate. Ndinamva mipando ikulira anthu akutembenuka, ndipo nditakweza maso, onse anali akuyang'ana ine. Pakampani ino ayezi ali ndi munthu mmodzi.

A Fungo anakonza tayi. "Madamu, mwati zayamba liti zimenezi?"

"Zithunzi zodalirika zilipo za zaka zoposa makumi anayi."

"Zoposa makumi anayi," a Fungo anabwereza pang'onopang'ono, ngati munthu amene akulawa msuzi. "A Kalaliki, a Chisanu anayamba liti ntchito pano?"

A Kalaliki sanafunike n'kutsegula kabati. Anangogwedeza mutu mwachisoni, n'kulemba.

Ndinaimirira. "Mwana wanga, ndifunse. Kumeneko kiyi amasunga ndani?"

"Kiyi wa chiyani, agogo?"

"Wa chitseko."

"Kulibe chitseko. Ndi nyanja."

"Mlonda?"

"Kulibe."

"Ayezi onsewo angokhala pamtetete, opanda loko, opanda mlonda, ndiye inu mukudabwa?"

Ena anaseka, koma a Mlamu sanaseke. Anachotsa kamtengo m'kamwa. "Mwamva, alamu? Akudziwa kuti kulibe mlonda. Adziwa bwanji?"

"Ndangofunsa kumene pano!"

"Kufunsa kodziwa kale kumeneko."

Mtsikanayo anayesa kubweza nkhani kumene inachokera. Anayamba za utsi wa magalimoto ndi mafakitale, koma a Fungo anali ataimirira kale, akumuthokoza ndi manja awiri. Anati phunzirolo latitsegula maso. Anati mawa m'mawa kudzakhala bwalo mu ofesi mwawo, ndipo ine ndibwere ndi kiyi.

Nditafika kuchipinda, mkazi wanga anali atamva kale. Nkhani zoipa pakampani ino zimadutsa m'khoma mofulumira kuposa chisanu. Ndinamupeza akukulunga mapoto m'nsalu.

"Mukutani, mayi?"

"Ndikuyamba ndi zolemera. Zopepuka ndidzanyamula mawa."

"Mlandu sunazengedwe."

"Wa mayi wa tiyi unazengedwa?" Anamanga mfundo ndi mano. Kenaka anandiyang'ana kuchokera ku jombo mpaka kumutu. "Koma inu abambo, tandiuzani ine ndekha. Munatengadi?"

"Nditenge ayezi a kumapeto kwa dziko? Ndi wilibala iti?"

"Ine ndidziwa bwanji? Mumati mukupita kukameta, mumabwera madzulo tsitsi lili lomwelo."

"Ometa amakhala ndi mzere!"

"Chabwino. Koma ngati munatenga, bwenzi mutabweretsako kuno pang'ono. Zaka zonsezi ndikumwa madzi ofunda ngati mkazi wa munthu wowotcha njerwa."

Ndinakhala pansi n'kutsamira khoma. Linali lozizira bwino, ngati tsaya la munthu amene sakukufuna koma sakukuthamangitsa. Ndinaganiza za kachipinda ka matayala, ndi mkamwini wanga akugogoda m'mawa kufunsa ngati tagona bwino, kumachita kukweza mawu kuti oyandikana nawo amve kuti ndi munthu wabwino.

M'mawa mu ofesi munali a Fungo kuseri kwa tebulo, a Kalaliki pambali, a Mlamu pa kireti yawo imene anachita kubwera nayo. Ine sanandipatse mpando. Pakhoma anapachika pepala limene mtsikana uja anasiya, lokhala ndi mzere wokhotakhota wotsetsereka kumanja. Pansi pake anamatapo zithunzi zanga zonse za pa ziphaso za ntchito, kuyambira ndili mnyamata wa khosi ngati nsungwi.

A Fungo anatenga rula. "Taonani kuno, madala. Mzere uwu ndi ayezi. Ukutani?"

"Ukutsika."

"Tsopano taonani masaya anu pa zithunzizi. Akutani?"

Ndinayang'ana zithunzizo.

"Akukwera," a Kalaliki anandiyankhira, n'kulemba.

"Kwina kukuchepa, kwina kukuchuluka," a Fungo anatero. "Ine sukulu ndinapita. Chinthu sichingochoka, chimapita penapake."

"Bwana, amenewo ndi masaya a ukalamba. Akugwa, sakukwera. Ndipo mzere wanuwo pena ukukwera. Apa, ndi apa."

"Zaka zimenezo munali patchuthi," anatero a Mlamu.

Kenaka a Mlamu anaimirira kupereka umboni. Anati akhala akundiyang'anitsitsa kwa nthawi yaitali, ndipo aona kuti tsiku lililonse ndimatuluka m'chipinda chozizira nditanyowa. Manja onyowa, mawondo onyowa, nthawi zina ndi ndevu zomwe. "Wakuba mbuzi amanunkha mbuzi," anatero. "Wakuba ayezi amanyowa. Apa palibe chovuta."

"Zimenezo zilembedwe," anatero a Fungo. "Wonyowa ndiye wakuba."

A Kalaliki analemba, n'kudula mzere pansi pake.

Ndinapempha kuti amuimbire foni mtsikana uja, poti ndiye anabweretsa mlandu. Sindinkamukhulupirira, ndinkaganiza kuti a Mlamu anachita kumutuma, koma munthu akamamira sasankha chogwira. A Fungo anaika foni patebulo kuti tonse timve.

"Madamu, tamupeza munthu uja."

"Munthu uti?"

"Wa ayezi anu aja."

Mawu ake anamveka okwera. "Ayi, bwana, simunandimvetse! Si munthu mmodzi. Sizingatheke kukhala munthu mmodzi."

A Fungo anandiloza ndi rula. "Mwamva? Ali ndi anzake."

"Ayi! Ndikutanthauza tonsefe. Magalimoto athu, mafakitale, makina amene amadya magetsi usana ndi usiku. Ine, inu, makamaka mayiko olemera. Ngakhale galimoto yanu ija, bwana..."

A Fungo anadula foni. Anati mafunde a foni avuta.

Anatambasula dzanja kuti ndiwapatse kiyi. A Mlamu anali atamasula kale batani lapakhosi kukonza malo. Ndinagwira chingwe, koma zala zinakana. Ndiye pakamwa panga panatuluka mawu amene mutu wanga sunawaone akudutsa.

"Bwana, mukandichotsa anzangawo atsala. Bwanji tiwatchere msampha?"

"Msampha wotani?"

"Titulutse buloko limodzi, tiliike pabwalo pamtetete, ngati mmene amachitira kumpotoko. Tonse tikhale molizungulira. Wakuba sangapirire. Akabwera, timugwira tonse. Akapanda kubwera, buloko likhala, ndipo kiyi ndikupatsani ndi manja awiri."

Kunena zoona, sindinkadziwa chimene ndikuchita. Ndinkangofuna kuti kiyi agone pachifuwa panga mpaka madzulo. Ndikudziwa bwino chimene dzuwa limachita ndi ayezi, ndani sadziwa? Koma pakampani pathu chinthu sichinasungunukepo chiyambire pamene a Kalaliki anagontha. A Fungo anaganiza, n'kuona kuti kugwira gulu lonse la akuba kukhoza kuwafikitsa m'nyuzipepala. Anavomera.

Ndinasankha buloko labwino, loyera mpaka mkati, lopanda mng'alu. Ndinalikoka ndi ngowe, n'kuliika pa thabwa pakati pa bwalo la simenti pamene malole amatembenukira. Dzuwa linali pamutu. Simenti inali kuphika mapazi m'jombo. A Fungo anatulutsa mpando wawo wozungulira, a Kalaliki mpando wamba, a Mlamu kireti. Ine ndinaima patali ndithu, manja kumbuyo, kuti wina asadzanene kanthu. Antchito ena anaima m'mithunzi ya malole. Amayi a nsomba amene anabwera kudzagula anauzidwa kuti adikire, kampani ili pa kafukufuku.

"Wina asaphethire," analamula a Fungo.

Tinayang'ana. Buloko linatiyang'ananso. Linayamba kutuluka thukuta, kenaka ngodya zake zinayamba kufewa ngati sopo wa m'bafa la anthu ambiri. Kamtsinje kanatuluka pansi pa thabwa n'kuyamba kufunafuna njira.

"Likuchepa," ananong'ona a Kalaliki.

"Ndani wayandikira?" anafunsa a Fungo.

"Palibe, bwana."

"Yang'anitsitsani. Anthu amenewa ndi akatswiri."

Mmodzi wa amayi a nsomba anafuula kuchokera kugeti. "Inu abambo a tayi, nsomba zanga zikuwola kuno! Ngati mukufuna kuonerera madzi, bwerani kwathu, denga limadontha ulere!"

A Fungo sanatembenuke. Koma dzuwa linali litawapeza. Mafuta awo aja anayamba kutsika m'makutu. Ndinaona akukoka mpando pang'ono kuyandikira buloko, poti pafupi nalo pankachokera kamphepo kozizira. Patapita nthawi anakokanso. Kenaka anavula nsapato imodzi mwakachetechete n'kuika phazi pamene kamtsinje kankadutsa. A Mlamu, poona alamu awo, anasendeza kireti. Anaviika kampango m'madziwo n'kukaika pakhosi.

Buloko linafika ngati mtsamiro. Linafika ngati buledi. Linafika ngati sopo weniweni. A Kalaliki anagwada n'kuliyang'ana pafupi, magalasi ali pamphuno, kufuna kuona dzanja la wakuba. Pomaliza panatsala kanthu ngati dzino, kanazungulira kamodzi pa thabwa, n'kupita.

Tonse tinayang'ana thabwa lonyowa.

"Lasowa," anatero a Kalaliki. Aka kanali koyamba kuona chinthu chikusowa iwo alipo.

"Mwamuona ndani?" a Fungo anafunsa.

Tonse tinayang'anana. A Kalaliki anatsegula pamene analemba m'mawa, poti iwo chimene chalembedwa amachiopa kuposa munthu. Anawerenga mokweza: "Wonyowa ndiye wakuba." Kenaka anakweza maso, ndipo antchito onse anakweza nawo.

Ine ndinali wouma ngati chikopa. Zaka zonse za m'chisanu zinandiphera thukuta. A Kalaliki anali onyowa mawondo. A Mlamu anali onyowa khosi ndi chifuwa chonse. Koma a Fungo! Malaya anamatirira pamsana, tayi ikudontha, sokosi yanyowa, mwendo wa buluku wakuda ndi madzi mpaka pabondo, ndipo mpando wawo unali utagunda thabwa.

"Mtsikana uja anati tonsefe," wina ananena kuchokera pansi pa lole. "Anatchulanso galimoto."

"Ndani wayankhula?" anakuwa a Fungo. Pansi pa lole panangooneka jombo zambiri zofanana.

A Kalaliki anali atagwira cholembera m'mwamba. Lipoti lililonse la chinthu chosowa limapita kwa mwini kampani, munthu amene sitinamuonepo koma amachotsa anthu pa foni. A Fungo anayang'ana cholemberacho ngati njoka.

"A Kalaliki," anatero ndi mawu ofewa amene sindinawamvepo, "inu ndinu munthu wamkulu. Mwaona chiyani apa kwenikweni?"

A Kalaliki anayang'ana mawondo awo onyowa. Anaganiza nthawi yaitali. "Ine ndaona kuti buloko lili m'kati silinasowe. Lasowa litatuluka."

"Pitirizani."

"Latuluka bwanji? Pachitseko."

"Ndiye wakuba ndi..."

"Chitseko, bwana."

A Fungo anawomba m'manja kamodzi. Anati iwo ankachikayikira chitsekocho kuyambira kale. A Mlamu anati nawonso, chimalira modabwitsa. Ndinafuna kukumbutsa kuti kumpoto kuja ayezi akusowa chifukwa chopanda chitseko, pamene kuno akusowa chifukwa chokhala nacho, koma ndinaluma lilime. Mlandu ukachoka pa iwe n'kupita pa chitsulo, sufunsa kuti wayenda bwanji.

Chigamulo chinaperekedwa pomwepo. Chitseko sangachichotse ntchito, poti chikachoka patsala bowo. Choncho anaitana wowotcherera zitsulo. Anabwera ndi magalasi ake akuda, nawotcherera chitsekocho kuzungulira konse, m'kati muli mabuloko odzaza mpaka kudenga. A Fungo anauza amayi a nsomba kuti ayezi alipo ambiri, koma kampani yaganiza zowasunga chifukwa padziko akuchepa. Amayiwo ananena mawu ena okhudza mayi awo a Fungo, n'kupita kukagula kwina.

Kenaka a Fungo anakumbukira kuti mtsikana uja anatchulanso makina odya magetsi. Anati ngati ayezi atsekeredwa bwinobwino, makina akugwiranso ntchito yanji? Anawathimitsa ndi dzanja lawo, wina akuwajambula. Phokoso limene ndakhala ndikulimva kuyambira ndili ndi mano onse linaleka, ndipo m'makutu mwanga munayamba kulira china.

Panatsala nkhani ya kiyi. A Fungo anatembenukira kwa a Mlamu. A Mlamu anayang'ana chitseko chowotcherera, anayang'ana kugeti kumene kunalibenso amayi oti n'kumusiyira kansomba wosunga kiyi, anayang'ana dzuwa limene wosunga kiyi azikhalapo tsiku lonse atavala chijasi monga mwa lamulo. Anamanganso batani lapakhosi.

"Alamu, madalawa atumikira nthawi yaitali. Tisawachite chipongwe."

Ndi mmene ndinapambanira mlandu. Kiyi ali m'khosi mwanga mpaka lero.

Mkazi wanga anamasula mapoto, koma osati onse. Mtolo umodzi anausiya kuseri kwa chitseko uli womanga. Nditamufunsa, anaika dzanja langa pakhoma lathu lija. Linali lozizirabe, koma ngati tiyi woiwalika, osati ngati kale.

Tsopano ntchito yanga ndi kukhala pa kireti imene a Mlamu anaisiya, kutsogolo kwa chitseko chosatseguka, nditavala chijasi ndi jombo. Antchito ena anapatsidwa ntchito yopenta fakitale yoyera, kuti izibweza dzuwa. M'mawa uliwonse a Fungo amadutsa, fungo patsogolo iwo pambuyo.

"Zili bwanji, madala?"

"Palibe walowa, bwana. Palibe watuluka."

"Mwaona? Nkhani inali chitseko."

Sayang'ana pansi. Wowotcherera uja anasiya kampata kakang'ono pakona yakumunsi, ndipo pamenepo pamatuluka madzi. Amatsetsereka mwakachetechete m'mbali mwa khoma kupita kungalande. Ndinasendeza kireti kuti iwabise.

Sabata yatha mtsikana wa bungwe uja anabweranso, poti a Fungo anamuitana kuti adzaone kampani yoyamba kusunga ayezi. Iwo ali m'kati kusaka munthu wojambula, iye anabwera kwa ine. Anayang'ana chitseko, anayang'ana waya wa makina wolendewera, kenaka anaona madzi pansi pa kireti. Anavula magalasi.

"Agogo, mukudziwa kuti m'katimu ayezi onse aku..."

"Mwana wanga," ndinamugwira mkono. "Sankha bwino mawu. Ndili ndi mkazi wokalamba."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti wina anali atamuuza zimene mawu ake anachita.

"Akusungunuka," anatero motsitsa.

"Amenewo ndi abwino. A Kalaliki sawamva."

Anakhala pansi pambali panga, pasimenti, osasamala siketi yake. Anati iye wakhala akuyenda m'maofesi ndi m'masukulu ndi zithunzi zake zija, ndipo kulikonse anthu amawomba m'manja, amamupatsa chakumwa, kenaka amapeza chitseko chawo n'kuchiwotcherera. Sindinamvetse bwino, ndipo sindinamukhulupirire kwenikweni, koma ndinamusendezera malo kuti mthunzi wa chijasi changa umufikeko.

"Nanga kumpoto kuja?" ndinafunsa. "Chimbalangondo chija chikadali pa kachidutswa kake?"

"Sindikudziwa, agogo. Chithunzicho n'chakale."

"Chikanakhala ndi kiyi sakanachichotsa," ndinatero. Iye anaseka, koma ine sindinkaseka.

Masana kukatentha kwambiri, pamene onse abisala m'mithunzi, ndimavula jombo n'kuika mapazi m'madzi aja. Ndi mmene ndimadziwira za m'kati. Madzi akamatuluka, ndiye kuti ayezi akadalimo, ndipo ine ndikadali wosunga ayezi. Tsiku limene adzaleke, wina adzagogoda chitsekocho n'kumva kuti chikulira ngati ng'oma yopanda kanthu, ndipo a Kalaliki adzatsegula cholembera. Wosunga kiyi ndi mmodzi.

Mkamwini wanga anatumiza uthenga kuti wachotsako matayala awiri, malo awonjezeka.

Lero madzi akutulukabe. Ndaikamo mapazi onse awiri. Ndi ofunda pang'ono kuposa dzulo, koma zimenezo sindinauze mkazi wanga.